Anakalata ndi Mlandu wa Mawu Awo Omwe

Pa kampani ina yosamutsa katundu aliyense ankawatchula kuti Anakalata. Anali mayi wa ana atatu, wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo desiki yawo inali pakona, pakati pa makina osindikizira ndi mulu wa makatoni. Madalaivala ankaseka kuti ukaiwala tsiku lomwe unakwatira, funsa Anakalata, ali nalo m'fayilo.

Ntchito ya zolembalembayi anaiphunzirira pa kampani ina, yosamutsanso katundu, komwe anakhala zaka khumi ndi chimodzi. Kumeneko ndi komwe analemba fomu ya mgwirizano ya masamba anayi ndi mawu onse a pa webusaiti. Panali chiganizo china chomwe ankanyadira nacho: "Galasi likasweka m'manja mwathu ndi lathu, likasweka m'katoni yomwe munamanga nokha ndi lanu." Atatopa ndi kukwera mabasi awiri m'mawa uliwonse, anapeza ntchito pafupi ndi kwawo, ndipo anachoka ndi zolemba zawozo pa fulashi. Bwana watsopano atafuna webusaiti, iwo anangosintha dzina la kampani ndi nambala ya foni.

Patapita zaka ziwiri, Lachiwiri lina m'mawa, kunabwera envulopu yaikulu. Wotsegula makalata anali iwo omwe. Inachokera kwa maloya a kampani yawo yakale. Inati webusaiti ndi mafomu n'zobedwa, zichotsedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri, apo ayi nkhani ipita kukhoti. Kumapeto anafunsa dzina la munthu yemwe anakopera.

Anakalata sanaionetse bwana. Anaipinda kalatayo n'kuiponya m'chikwama, pansi pa ambulera.

Masiku awiri anayenda nayo. Foni ikalira, ankaganiza kuti ndi maloya aja. Galimoto ikaima pageti ankasuzumira pawindo kuti mwina ndi apolisi. Kunyumba anathira mchere kawiri m'ndiwo.

"Mayi a ana, mwadwala?" anafunsa amuna awo.

"Bambo, kodi munthu angamangidwe chifukwa cha zinthu zomwe analemba yekha?"

"Mwalemba chiyani?"

Maganizo a Anakalata anali kale kundende. Ankaona mwana wawo wamng'ono akubwera kudzawaona kuseri kwa waya.

Lachinayi maloya aja anaimbira bwana foni. Bwanayo anatuluka muofesi mwake nkhope ili gwa.

"Mayi, akuti anatitumizira kalata. Ili kuti?"

Anakalata anatsegula chikwama n'kuitulutsa. Bwana anawerenga ataimirira, kenako anawayang'ana nthawi yaitali.

"Masiku awiri apita muli nayo m'chikwama? Tengani jekete lanu. Tikupita kwa loya."

Loyayo anali mayi wachitsikana, wa mawu ofewa. Anaika masamba a makampani awiriwo moyandikana, n'kumalemba mzere wofiira pomwe akufanana. Tsamba lonse linafiira.

"Koma ndinalemba ndine, madamu," anatero Anakalata, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Palibe anandithandiza."

"Ndikukhulupirirani, mayi. Koma munalemba muli pantchito yawo, pa kompyuta yawo. Mwa lamulo mawuwo ndi awo."

"Ndiye andimanga?"

"Sindikuganiza choncho. Koma sindingalonjeze kuti sadzapita kukhoti. Chotsani zonse lero, mulembe zatsopano."

Webusaiti inatsekedwa masana omwewo. Mafomu mazana atatu Anakalata anawang'amba okha, limodzilimodzi, madalaivala akudutsa osaseka.

Kulemba zatsopano ndiye kunavuta. Chiganizo chilichonse chomwe ankayamba chinkathera pomwe chakale chinathera. Ankafufuta, kuyambanso, n'kupeza kuti abwerera pomwe paja. Pofika Loweruka anali ndi mizere itatu yokha, ndipo masiku anali atatsala atatu.

Anatenga kope n'kupita kuseri, komwe onyamula katundu ankakweza kabati m'lole. Anafunsa wamkulu wawo, bambo wa imvi wotchedwa Msanawachitsulo.

"Achimwene, kasitomala akakufunsani za firiji, mumamuuza chiyani?"

"Ndimati, mayi, izimitseni dzulo lake, apo ayi ikodzera sofa wanu."

Anakalata analemba. Anafunsa za mbale, za agalu, za masitepe opapatiza. Anachotsamo zokodzazo, zina zonse n'kusiya momwe zinatulukira pakamwa. Lolemba loya anawerenga, cholembera chili m'manja, koma sanapeze poti alembe mzere.

Yankho la mbali inayo linatenga milungu isanu. M'milungu imeneyo Anakalata anaonda mpaka siketi anaimanga ndi pini. Litafika, linali lalifupi: nkhani yatha, bola zisadzachitikenso.

Bwana sanawachotse ntchito. Anawapatsa chenjezo lolembedwa chifukwa chobisa kalata, ndipo poti panalibe wina wodziwa kutaipa, analitaipa okha, n'kusayina m'munsi.

Adakali pa desiki yomweyo. Akalemba chilichonse, ngakhale chidziwitso chakuti madzi asiya kutuluka, amayamba afunsa kuti, "Bwana, zimenezi ndikalemba zikhala za ndani?"