Lalanje la Madamu Aakulu

Ana a kalasi yachinayi anamupatsa dzina loti Madamu Mphindi, poti sankamaliza chiganizo osayang'ana wotchi. Nthendayi anaitengera ku koleji ya zauphunzitsi, kumene phunziro lililonse ankalidula ngati nsalu: mphindi zisanu kuyamba, makumi awiri ana m'magulu, zisanu kuomba mkota. Kunyumba nako sankakhazikika. Tiyi ankamwera chiimire.

Ku kolejiko anapita mochedwa, ali ndi zaka makumi atatu, atatopa ndi kashopu ka fotokope momwe ankangogwira masatifiketi a anthu ena akutuluka m'makina ali otentha. Mwana wake anamusiya kwa akulu ake, omwe anamuuza mosapsatira kuti, "Zaka ziwiri, osati zitatu. Nanenso msana wanga ndi umodzi."

Pa pepala uphunzitsi ankaukonda. Analembapo nkhani yoti phunziro labwino ndi lija mwana amatulukamo ndi funso lokavutitsa nalo akwawo, alekichala nkumupatsa malikisi apamwamba. Koma atatumizidwa kusukulu yoyeserera ntchito anapeza ana makumi asanu ndi anayi m'chipinda chimodzi, anayi pa benchi ya awiri. Kungoti "khalani m'magulu," mabenchi ankalira, nsapato nkusowa, wina nkupondedwa. Alekichala atabwera koyamba kudzamuonerera, belu linalira phunziro lisanafike pakati. Analephera. Ulendo wachiwiri unali womaliza. Kulepheranso kunali kubwereza chaka, chaka chimene akulu ake anali atachikana kale.

Eni kalasiyo, mayi ofatsa omwe aliyense ankangowatchula Madamu Aakulu, anamuona akuzungulira m'chipinda cha aphunzitsi ngati nkhuku yofuna poikira.

"Khalani pansi mng'ono wanga, mukundichititsa chizungulire. Alekichala akubwera liti?"

"Lachinayi."

"Ndiye phunzirolo muphunzitsiretu Lachitatu. Mlendo sitimuphikira ndiwo zoyesera."

"Koma Madamu, si kubera kumeneko?"

"Kubera ndani? Tonse tinadutsa pomwepo, ndipo onani, tikudya."

Lachitatu anabweretsa beseni la madzi ndi thumba. Mutu unali zinthu zoyandama ndi zomira. Anatulutsa msomali, kachitseko ka botolo, mwala, kamtengo, kiyi, chimodzichimodzi. Anabwereza kachiwiri, kenaka kachitatu, poti mtima sunkamukhala pansi. Zonse zinatha m'mphindi zake ndendende.

Lachinayi alekichala anafika, bambo wowonda wa magalasi, nakhala kumbuyo ndi fayilo pamwendo. Madamu Aakulu anakhala patebulo lawo pakona, lalanje la nkhomaliro lili pambali pa kaundula.

"Lero tiphunzira chinthu chatsopano," anatero Madamu Mphindi, akupisa dzanja m'thumba.

"Msomali! Umira!" kalasi yonse inafuula.

Dzanja linali lisanatuluke.

Anatulutsa msomaliwo pang'onopang'ono nauponya m'madzi. Unamira. Anapisanso.

"Kachitseko! Kayandama!"

"Dikirani kaye ndifunse."

"Kenaka mwala, Madamu," wina anamukumbutsa mokoma mtima. "Musasokoneze ngati dzulo."

Madamu Aakulu anayamba kufufuza chinachake m'dirowa. Thumba linatha m'mphindi zisanu ndi ziwiri. Zinatsala makumi awiri ndi zitatu, ndipo wotchi inkaoneka ngati yaima. Alekichala anavula magalasi.

"Madamu, anawa ndi anzeru zedi, akuona za m'thumba. Tawaikirani chimene sanachione dzulo."

Anayang'ana uku ndi uku. Choko. Dasitala. Maso ake anagwera pa lalanje.

"Pepani Madamu, ndibwereke."

"Tengani," anatero Madamu Aakulu ndi mawu a pamaliro.

Analikweza m'mwamba. "Ili bwanji?"

Kwa nthawi yoyamba kalasi inakhala chete. Kenaka phokoso linabuka, koma losiyana ndi lija. Ena ankati limira poti ndi lolemera, ena liyandama poti ndi lozungulira. Awiri anatsala pang'ono kumenyana. Analiponya. Linayandama, theka la kalasi nkuvina.

Mtsikana wina wa benchi yakumbuyo, yemwe chiyambire teremu anali asanakwezepo dzanja, analankhula atakhala. "Nanga mukalivula?"

"Kulivula chiyani?"

"Makoko, Madamu."

Anayang'ana wotchi, nayang'ana Madamu Aakulu, omwe anangotambasula manja kuti zatha kale. Analisenda ndi zikhadabo, madzi ake akumuthothokera m'maso. "Tsopano lapepuka. Ndiye litani?"

"Liyandama kwambiri!"

Naye ankaganiza chomwecho. Analiponya. Linamira mpaka pansi, pafupi ndi msomali.

"Aaa! Bwanji Madamu? Bwanji?"

Ana anali atachoka m'mabenchi, atazinga beseni. M'mabuku a ku koleji munalibe lalanje. Akanatha kunena mawu aakulu achizungu, anawo akanalemba.

"Sindikudziwa," anatero. "Zoona sindikudziwa. Inu mukuganiza bwanji?"

"Makokowo ndi jekete lake," anatero mtsikana uja. Wina anati tiponye makoko okha. Anaponya, nayandama. Wina anafuna kuwafinya m'madzi kuti aone ngati mutuluke mpweya. Belu linalira asanaombe mkota, asanapereke ntchito, pa bolodi palibe ngakhale deti.

Panja alekichala analemba nthawi yaitali fayilo ili pa zenera.

"Mphindi zisanu ndi ziwiri zoyambazo ndi zolepheretsa, mukudziwa."

"Ndikudziwa, bambo."

"Zotsalazo sindikudziwa pozilemba, fomuyi ilibe malo ake." Anatseka fayilo. "Lero sindiika malikisi. Ndibweranso teremu isanathe."

"Tsiku lanji, bambo?"

"Limenelo ndiye simulimva."

Anawayang'ana akutuluka pageti. Sanadutse, sanalephere, ndipo kwatsala masabata anayi oti tsiku lililonse likhoza kukhala lomwelo. Anabwerera m'kalasi kukataya madzi. Anapeza Madamu Aakulu atapinda mkono wa bulauzi, akuvuula nkhomaliro yawo m'beseni.

"Musataye kaye," anatero Madamu Aakulu. "Mawa ndibweretsa ndimu. Ndikufuna ndione."