Galimoto ya Adada yalira, chithunzi chija chapezeka

Mwaswera nonse? Galimoto ya malemu Adada yalira lero!

Ndikunena yofiira ija ya mipando iwiri, yopanda denga, imene anabwera nayo kuchokera ku Joni m'ma 1950. Pampu ya madzi imene ndinaitanitsa yafika, ndiye ine ndi alamu a Manda taimanga pansi pa mango paja. Tayenda mpaka kudoko n'kubwerako, injini osatentha, madzi osadontha!

Koma imvani izi. Pofuna sipanala m'bokosi la Adada, pansi penipeni ndapeza zidutswa za chithunzi cha ukwati wawo. Chomwe chija Amama amati anaba ndi Azakhali NyaMhone, mpaka osalankhulana zaka zonsezi. Kani Adada ndiwo anachidula, kupangira gasiketi yotseka madzi pa pampu yakale! Alamu ayerekeza pampuyo pa zidutswazo, ndendende.

Pachithunzipo, Adada anadula ngakhale mutu wawo womwe pakati, osaumvera chisoni. Koma kachidutswa kokhala ndi nkhope ya Amama anakakulunga bwinobwino m'kampango.

Mawa ndikuwakweza Amama m'galimotomo. Ndiwaonetse zidutswazi, kapena tiyambe takapepesa kwa Azakhali? Yankhani msanga abale, ine pakamwa pakundiyabwa!