Makapisozi a ku Joni ndi munda wa amayi

Amayi atamwalira, abambo anatsala pamudzi pa eni. Kwathu ku Mpama mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo mkazi akatsogola, abale ake amamusudzula wamasiyeyo kuti abwerere kwawo. Abambo anali atakhala pachikamwini zaka zoposa makumi anayi. Kumudzi komwe anabadwira, kufupi ndi Namadzi, owadziwa anali atatha. Amalume, mwini mbumba yathu, sananene kanthu, koma abambo anadziikira okha lamulo: malinga akulima munda wa amayi ndi manja awo, palibe angawauze kuti anyamuke.

Vuto linali miyendo ndi msana. Njala ija ya 2002 inawasiya atatha thupi, moti podzuka pampando ankayamba agwira khoma. Achimwene anga, amene ankagwira ntchito ku Joni, atamva zimenezi anatumiza botolo la makapisozi makumi asanu ndi limodzi. Pabotolopo panalembedwa kuti carnitine. M'kalata anati azungu okalamba amamwa amenewa kuti asafooke.

Ine, pokhala wantchito yofunsafunsa, ndinanyamula botololo kupita nalo kwa mnzanga wina wa zachipatala ku Nguludi. Anandiuza kuti thupi limapanga lokha chinthu chimenechi m'chiwindi ndi mu impso, kuti chimapezekanso mu nyama ndi mkaka, ndipo chimathandiza kusandutsa mafuta kukhala mphamvu. Ndinafunsa ngati chingabweze miyendo ya munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri. Iye anaseka. "Sindikulonjeza. Kodi akudya chiyani madalawo?"

Yankho ndinkalidziwa: chigwada ndi nandolo, usipa mwa apo ndi apo.

Pabotolo analemba kuti munthu azimwa tsiku lililonse. Abambo anakana. Kwa iwo chinthu chochokera kwa mwana ku Joni sichinali chomwaza. Anachitsekera m'sutikesi kudikira Okutobala, ndipo ankameza kapisozi mmodzi pa tsiku lokhalo logalauza mizere. Lamulungu ndi tsiku lamaliro botolo silinkatsegulidwa.

Ndinapita kukawaona mvula itayandikira. Anali atagalauza theka la munda, mizere yake yaifupi ndi yokhota. Ndinawapeza atakhala pachulu, khasu lili pakati pa miyendo. Tili pomwepo anatulukira amalume, ndodo ili m'manja. Anayang'ana munda, n'kuyang'ana abambo.

"Alamu, mizere imeneyi mwalima ndi khasu kapena ndi supuni?"

"Ndimaliza," anatero abambo. "Mankhwala alipo. Sabata ziwiri basi."

"Mumalize kuti mutipatse ntchito yokumba manda mvula ili pamutu? Akuthamangitsani ndani?"

Abambo anawerama. Kenako ananena chapansipansi kuti mkamwini wosalima sadya za eni.

Amalume anagogoda pansi ndi ndodo yawo. "Mwambo wosudzula ndikuudziwa kuposa inu, ndipo wouyambitsa ndine. Mwandimva ndikuuyambitsa? Mlongo wanga mwamuika pano, ana mwalelera pano. Ku Namadziko mukakhala kwa yani, kwa mavenda? Mawa akubwera azimayi a mbumba kudzamaliza. Inu muziwalozera malire."

M'mawa mwake anabweradi asanu, ndipo dzuwa lisanafike pamutu munda unali utatha. Abambo anaima m'malire ndi ndodo ya nsungwi, akudandaula kuti mizere ikutalikirana. Palibe anawamvera. Anakhala pamudzipo mpaka tsiku lawo lomaliza, osagwiranso khasu.