Kilachi Imene Inapsa pa Chikweza cha Ngauma

Mayi Olinda anakhala pansi m'mbali mwa msewu, pa chikweza chopita ku Ngauma, mvula ikuwakhuthukira pamutu. Kumbuyo kwawo kunaima karinya, galimoto ya dizilo ya bokosi kumbuyo, imene anasiya malemu amuna awo, a Issa. Injini inkalira bwinobwino, koma matayala osasuntha. Fungo lake ngati wina akuwotcha nsapato. M'bokosimo munali matumba a matemba ndi milamba youma ya amayi a ku nyanja ya Amaramba, zonse zikunyowa.

Inu okonda nkhani zolimbikitsa, imvani iyi. Ndikuuziranitu, ilibe shuga.

A Issa ankanyamula nsomba za amayi aja kupita nazo ku misika ya Mandimba, Ngauma ndi Itepela. Atayamba kudwala anaphunzitsa akazi awo chiwongolero, koma pomwalira anasiya kilachi itatha. Ukaponda mafuta, injini kumangobangula, galimoto kuyenda ngati nkhalamba.

Tsiku la sadaka ya malemu, mkulu wa malemuwo, a Ibrahimu, sanadikire n'komwe kuti mbale zitsukidwe.

"Alamu, galimoto si mtondo. Munthu wamkazi muithana nayo bwanji? Tigulitse, tigawane."

"Nanga ana a mng'ono wanu adya chiyani? Mabawuti?" anayankha mayi Olinda.

Akuluakulu a banja anagamula kuti galimotoyo ikamayenda n'kumadyetsa ana pofika nthawi yokolola, ikhala ya anawo. Ikapezeka yakufa, igulitsidwa.

Mayi Olinda anagulitsa mbuzi zawo, n'kuikwawitsa galimoto yopanda katundu mpaka ku Cuamba, kwa a Dinis, makaniko amene bambo awo anali wokonza sitima za pamtunda. A Dinis anayala makilachi atatu pa thebulo.

"Ndipatseni yolimba kuposa zonse," anatero mayiwo. "Ndatopa ndi zinthu zomangofa."

A Dinis anakankhira imodzi pambali. "Iyi ndi yofewa, ya anthu onyamula akazi awo popita ku tchalitchi. Iyi ya mano anayi ndiye yolimbitsitsa, koma imagwira modzidzimutsa. Pa mchenga wa ku Amaramba idzakukumbirani manda, ndipo bondo lanu lidzatupa. Tengani yapakatiyi. Ndi ya katundu wolemera koma imagwira mwaulemu."

Anasintha zonse pamodzi: mbale ya kilachi, chopanira chake, ndi beringi. Mayi Olinda sanakhale pa benchi. Anamanga chitenje, nalowa pansi pa galimoto kugwirizira giyabokosi pamene inkatsitsidwa. Anaona a Dinis akulowetsa chitsulo chakale pakati pa mbale kuti ikhale pakatikati penipeni, kenaka n'kumanga mabawuti modumphadumpha, uku pang'ono, uko pang'ono, kuti chopanira chisapendekeke.

Potsanzikana a Dinis anati, "Mayi, mvetsetsani. Kilachi yatsopano ili ngati mtengwa, siipatsidwa ntchito yonse tsiku loyamba. Masabata oyambirirawa nyamulani theka. Pa chikweza musaimitse galimoto ndi kilachi, kokani buleki ya pamanja."

Anamva. Ndikunenetsa kuti anamva. Ku Amaramba anakwezadi theka la katundu, matumba ambiri ali a mayi Verónica, mnzawo wa pamtima amene anasonkhanitsa amayi ena kuti asathawire kwa oyendetsa ena.

Koma njira ya ku Amaramba mpaka ku Mandimba ndi yodzaza ndi anthu amene anabwera pa maliro a Issa. Woyamba kuimika anali bambo amene anakumba nawo manda, ali ndi matumba a chimanga. Mungamudutse munthu amene anakumbira mwamuna wanu manda? Anakwera. Kutsogolo, amayi amene anaphika pa maliro, ndi madengu awo. Anakwera. Kenaka amene anagona nawo pa siwa, amene anabwereketsa mphasa, wina ndi njinga yake, wina ndi mbuzi. Aliyense ankangoti, "Amayi, ndife tomwe tija," ndipo mayi Olinda ankawakweza. Kwathu kuno wamasiye sakana munthu amene anamulirira. Amaopa kunenedwa.

Pa chikweza chija wina anaimikanso. Mayiwo anaima pakatikati pa phiri, ndipo ponyamuka galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo. Mantha anawagwira. Anaiwala buleki ya pamanja, anaponda mafuta ambiri, kilachi ataigwira theka, mpaka utsi unatuluka pansi.

Ndipo anthu a pamaliro aja? Anatsitsa katundu wawo n'kukwera chapa, minibasi ya anthu, imene inadutsa. Wina anachita kunena kuti, "Malemu ankayendetsa bwino." Palibe ndi mmodzi yemwe amene anathandiza kufunditsa nsomba.

Nsomba zinachita nguwi. Mayi Verónica atabwera kudzaona, anatsegula thumba limodzi, nanunkhiza, nalimanganso.

"Ine ndinakupatsa nsomba, iwe unanyamula mudzi," anatero, n'kutembenuka.

Sabata isanathe a Ibrahimu anafika ndi wogula pamene galimoto inafera, akumenyamenya matayala ndi phazi. Mayi Olinda anaima pa chitseko cha galimoto.

"Chimanga chikadali chachiwisi m'munda, alamu. Akuluakulu anati pokolola. Mwayamba kukolola liti?"

Anabwerera akung'ung'udza.

Mayiwo anagulitsa makina awo osokera, mphatso ya a Issa ya chaka chimene anakwatirana. Thirakitala ya mlimi wina inawakokera galimoto ku Mandimba, lole n'kuifikitsa ku Cuamba. A Dinis atatsegula anapeza mbale yapsa, yasalala ngati galasi, ndipo chitsulo chachikulu chozungulira cha kumbuyo kwa injini chachita mawanga akuda. Anakachipalitsa pa makina kuti chisalale mofanana, naikanso mbale ina. Sanawanyoze. Anangofunsa kuti, "Munanyamula angati?"

"Onse amene analira."

"Ulendo uno alire okha."

Mayi Olinda anabwerera pa msewu, ndipo kumeneko ndiye kunali ntchito yeniyeni. Kumanga mabawuti n'kosavuta. Chovuta n'kudutsa munthu amene ukumudziwa, dzanja lake lili m'mwamba, iwe maso ali kutsogolo. Tsiku loyamba anadutsa bambo wokumba manda uja misozi ikutsika. Ku Mandimba anayamba kuwanena kuti ndi ouma mtima, kuti galimoto yawalowa m'mutu. Ena anasiya kuwapatsa moni. Iwo ankanyamula theka, kunyamuka ndi giya yoyamba, phazi kulichotseratu pa chopondera kilachi, pa phiri buleki ya pamanja. Kilachi itakhazikika anayamba kudzaza bokosi, ndipo malo akatsala ankatenga odwala ndi okalamba, owasankha iwo eni.

Pokolola, a Ibrahimu anaiona karinya ikukwera chikweza chomwe chija itasenza nsomba, osatsokomola. Nkhani yogulitsa inafera pomwepo. Lero ana a Issa akudya, ndipo ali pa sukulu.

Koma musaganize kuti zonse zinabwerera. Makina osokera anapita. Mayi Verónica mpaka lero amakweza nsomba zawo pa galimoto ya munthu wina. Akakumana pa gombe amapatsana moni wa alendo, ndipo mayi Olinda amati chimenechi chimawawawa kuposa mbuzi ndi makina omwe. Mawu amodzi okha oti "ayi", akanawanena tsiku loyamba lija, bwenzi mnzawo akadali naye.

Tsono inu amasiye anzanga, ndi nonse amene mukuyambiranso moyo: musataye mtima, chinthu chikapsa chimakonzedwa. Koma pamene mukadali atsopano pa mavuto anu, musasenze mudzi wonse chifukwa cha manyazi. Okunenani adzakunenanibe. Kanani lero, ana anu adye mawa.