Chinangwa chowawa cha apongozi anga

Sukulu ndinalekezera panjira, aphunzitsi atatopa nane, koma pa za chinangwa musandiyese. Kuno kwa Maganga ndinabwera ngati mkamwini, ndipo apongozi anandilandira ndi khasu ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa. Chinali chowawa, choti ukachidya chachiwisi umaona makolo ako akukukodola. Koma mkazi wanga akachiviika n'kuchiyanika, kondowole wake unkagona naye osatembenuka.

Kale nkhokwe yathu inali pansi. Chinangwa chinkakhala m'nthaka zaka ziwiri, njala ikagogoda umangokakumba. Ukazula, mitengo yake unkaimanga mtolo n'kuimika pamthunzi kudikira mvula. Mbewu inali imeneyo.

Kenaka mvula inazungulira mutu. Imachedwa, ikabwera n'kukhuthuka yonse nthawi imodzi, madzi n'kugona m'mizere mpaka chinangwa kuwolera pansi. Anthu anayamba kuunda milu italiitali ngati manda, n'kumabzala mbewu ya alangizi yokhwima msanga, kuti azule madzi asanafike, ayanike makaka. Milu ndinaunda nawo, msana ukulira. Mbewu yokha ndinakana. Mkazi wanga anali atatisiya, ndipo m'mudzi monse chowawa chija chinatsala m'munda mwanga mokha.

Mlamu wanga, mchimwene wa malemu, sankandipatsa mpata.

"Alamu, chinangwa chanucho n'chaulesi ngati mwini wake. Zaka ziwiri chili chigonere!"

"Nanga chanu chothamangacho chikupita kuti? Ku Joni?"

"Chikuthawa madzi. Inuyo dikirani."

Madziwo anabweradi, anamiza ndi milu yomwe. Nditazula ndinapeza phala lonunkha lokhalokha. Mitengo ndinapulumutsako, ndinaimika pansi pa mango monga mwa kale. Koma dzuwa la masiku ano silidziwa mthunzi. Novembala anadutsa kumwamba kuli mbee, mtolo wanga ukuuma kuchokera kunsonga. Ndinkauthirira m'mawa uliwonse ngati ndikumwetsa wodwala phala.

Tsiku lina mlamu anafika ndi njinga.

"Kwezani nkhuni zanuzo. Anthu mbewu tikusungira kudimba tsopano, ili chibzalire."

"Chinangwa kudimba? Chasanduka tomato?"

"Kwezani, akulu inu, musanaphikire tiyi."

Tinakanda mtengo uliwonse ndi chikhadabo. Yobiriwira mkati inali yochepa. Imeneyo tinaibzala pakona ya dimba lake, pafupi ndi mbewu yatsopano yomwe mabanja angapo ankayembekeza kudzagawana. Itaphuka ndinavina, mawondo akutsutsa.

Masamba a chowawa changa atakula anayamba kukwinyika, achikasu, opindika ngati dzanja la nkhalamba. Alangizi atabwera anatembenuza tsamba limodzi n'kunena kuti ndi khate la chinangwa, ndipo tizilombo touluka tingalitengere ku mbewu ya anthu onse. Sanandilamule. Anangondiyang'ana, n'kuyang'ana mlamu.

Mlamu anati, "Alamu, dimba ndi langa, koma chinangwacho n'cha mlongo wanga. Ine dzanja langa silifikapo."

Ndinavula malaya n'kuzula mitengo yanga ndekha, umodziumodzi. Sizinalimbe n'komwe, mizu inali isanagwire. Tinaitenthera kuseri kwa dimba.

Mvula itagwa mlamu anandibweretsera mtolo wa chothamanga chija. Ndinabzala. Chikukula bwino, chilibe mlandu, ndipo ndikadutsa pamundapo ndimachipatsa moni ngati mlendo.