Awiriawiri pa Mlatho wa Lilongwe

M'mawa umenewo ndinayala tomato wanga mumsika waukulu wa ku Area 2 monga mwa masiku onse. Ndinali ndisanakwatiwe. Ndinamuphimba ndi chiguduli, n'kuuza mnzanga wa pabenchi yoyandikana kuti ndibwera dzuwa lisanafike pamutu. Tomato ameneyo sindinamuonenso.

Inu obadwa dzulodzuloli mumangomva kuti kunali zionetsero. Ife amayi a mumsika sitinapite kukagwetsa boma. Tinkafuna madzi m'zimbudzi zathu, basi.

Amene anatiphunzitsa kupempha zinthu mokweza mawu anali Mayi Gondwe, a ku Rumphi. Atapuma ntchito ya boma anayambitsa kabungwe m'nyumba ina ku Area 47. Poyamba tinkapitako chifukwa cha tiyi wamkaka ndi mabanzi, ndisaname. Koma anatizoloweretsa kuimirira pamaso pa akuluakulu a mzinda n'kulankhula mopanda mantha. Chichewa chawo chinali chopindika. Tinkawaseka, iwonso ankaseka nafe.

Anali ndi malamulo awo. Apolisi akabwera, khalani pansi, chifukwa munthu wokhala pansi saponya mwala. Poyenda pagulu, aliyense akhale ndi mnzake, ndipo asabwerere popanda mnzakeyo. Tsiku limenelo anatigawa okha awiriawiri, akutigwira pamapewa. Ine anandipatsa achemwali anga, a Eneless, amene anali oyembekezera, masiku atatsala pang'ono. Ndinali nditawaletsa kubwera, koma achemwali anga akati apita, apita ndithu.

"Iwe Estere, awa ndi anthu awiri," anatero Mayi Gondwe. "Ukawabweze onse."

Tinafika pamlatho waukulu tikuimba. Kutsogolo kunali gulu lina la anyamata amene sitinkawadziwa, ndipo matayala anali atayaka kale. Kunamveka kuphulika. Utsi wokhetsa misozi umene apolisi anaponya unakwawa pansi kubwera kwa ife.

Tinakhala pansi monga tinaphunzirira. Msewu unali wotentha. Palibe amene anali ataganizapo kuti pamlatho anthu othawa alibe kwina kodzera. Anatipondaponda. Wina anandiponda dzanja ndi jombo, ndipo chala changa chapakati sichinawongokenso.

Kenako mfuti zinayamba kulira, kulira kosiyana ndi kwa utsi kuja. Ndinaona Mayi Gondwe ataimirira pakati pa utsi, akudzutsa amayi mmodzimmodzi ndi kuwakankhira kwa anzawo. Achemwali sankatha kudzuka okha. Ndinawagwira m'khwapa n'kuwakoka. Nsapato yawo imodzi inatsala pomwepo.

Tinatsetserekera kumtsinje. Ndinanyika chitenje m'madzi akuda aja, amene masiku onse timawadutsa titatseka mphuno, n'kuwaphimba nacho achemwali kumaso. Tinawoloka pa kamlatho ka matabwa. Mwini wake, munthu wosakhululukira ngakhale agogo, sanalipo kuti atilipiritse.

Ku Area 4 mashopu anali otseka, magalasi atamwazika mumsewu. Bambo wina anatidutsa akuthamanga, atasenza matiresi akadali mupulasitiki. Achemwali ankayenda pang'ono, kuima, kugwira m'chiuno. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinkaopa kuti mwana abadwira pamsewu pomwepo, ndipo ndinkaopa koposa kuti amuponda kale.

"Akusuntha?" ndinafunsa. Anangogwiranso m'chiuno n'kupitiriza kuyenda.

Tinalowa m'maeriya a mipanda italiitali. Kumeneko kunali zii, maluwa akuthiriridwa. Ndinagogoda pageti lina kupempha madzi, anayankha ndi agalu. Pageti lina mlonda anasuzumira pakabowo, anayang'ana mapazi athu, n'kutseka. Mpaka lero ndikadutsa kumeneko mtima umandiwawa.

Tinafika ku Area 47 dzuwa litapendeka. Geti la bungwe linali lotsegula. Amayi anzathu anali pakhonde, ena akutsuka m'maso. Otsala ankalowabe awiriawiri. Wina anafika atabereka mnzake kumsana ngati mwana.

Achemwali anagona pamkeka. Patapita kanthawi anatenga dzanja langa lotupa lija n'kuliika pamimba pawo. Mwana anagunda. Apo m'pamene ndinalira. Mwanayo ndi Dalitso, lero ndi wamtali kundiposa ine.

Kenako kunafika Bambo Gondwe, amuna awo a mayi aja, atavala tayi, kuchokera kuntchito. Anayang'ana pakhonde, analowa m'nyumba, anatuluka. Lamulo la akazi awo ankalidziwa, choncho anafunsa mofatsa.

"Kodi mayi anali ndi ndani?"

Tinayang'anana. Mayi Gondwe anali atatigawa tonse, ndipo palibe mmodzi wa ife anakumbuka kufunsa kuti iwo ayenda ndi yani. Bambo Gondwe anakawapeza mawa lake ku nyumba yachisoni ya kuchipatala. Tonse tinali naye wotibweza. Iwo okha analibe.