Bokosi la mabuku la ku Marlow Hill

Bambo Leland Hruska ndinawadziwira pa ngolo yanga ya khofi, pa geti la koleji ya Marlow Hill kuno ku Ohio. M'mawa uliwonse ankabwera ndi jekete lomwelo loperepeseka m'zigongono, n'kuima pafupi ndi mbaula yanga kuwotha manja.

"Bwana wamalonda, walemera lero?"

"Ndilemera bwanji, aphunzitsi, inu mukumwa kapu imodzi mpaka masana?"

Ankaphunzitsa mbiri yakale, koma mwaganyu. Kolejiyo inkawalemba teremu ndi teremu, opanda ofesi, opanda penshoni, ndipo zaka makumi awiri zinatha choncho. Akazi awo anatopa n'kuchoka. Chinawatsalira ndi khadi la koleji. Makoleji a kuno anagwirizana kalekale kuti wokhala ndi khadi la koleji imodzi atha kulowa ndi kubwereka mabuku m'laibulale ya ina iliyonse. Pobweza umangoponya buku m'bokosi lachitsulo la pakhomo pa laibulale yakwanu, galimoto ya mgwirizanowo n'kudzalitenga kupita nalo kwa eni ake. Ndi khadi limenelo a Hruska anayenda malaibulale onse pa kagalimoto kawo kadzimbiri, atanyamula buledi ndi soseji m'thumba.

Ankalemba buku la anthu akwawo, Asilovaki ochokera ku Slovakia amene ankakumba malasha m'chigwa chathu. Agogo awo aamuna anafera mumgodi. Mutu womaliza unali wa nyimbo za maliro zimene okumbawo ankaimba, ndipo nyimbozo zinali m'kabuku kamodzi kosindikizidwa ndi tchalitchi chawo chomwe chinagwa kale. Kabukuko anakapeza pa shelefu ya yunivesite yaikulu ya mumzinda, komwe kanakhala osakhudzidwa ndi munthu. Kwina kulikonse kunalibe. Tsiku lomwe anabwera nako anagula makapu awiri, ina ya ine.

Mu Disembala anatiuza kuti koleji ikutsekedwa. Ine mutu unathamangira ku mipando, mafiriji ndi matebulo omwe adzagulitsidwe pa okushoni, chifukwa khofi wopanda ophunzira si malonda. Mgwirizanowo unachita chifundo: aphunzitsi a Marlow Hill apitirize kubwereka kwa chaka chimodzi, bola ayambe abweza zonse zimene ali nazo. A Hruska sanachedwe. Anaponya kabukuko m'bokosi la pa Marlow Hill, monga dzanja lawo linazolowera, kuti akakatengenso mwatsopano. Sanadziwe kuti galimoto ija inali itasiya kale kufika kumeneko.

Mu Januwale anapita mumzinda ku laibulale ya yunivesite ija, chipale chili mbuu mumsewu. Mayi wa pa kauntala anayang'ana pa kompyuta n'kupukusa mutu.

"Pepani bambo, bukulo silinafike. Mpaka libwere, khadi lanu silikugwira, kuno kapena kwina."

Anabwerera ku Marlow Hill. Mlonda anati makiyi ali ndi maloya, ndipo bokosilo ndi katundu wa okushoni ngati zina zonse. Analemba makalata, anaimba mafoni, osayankhidwa. Ankangofika pa geti n'kumaliyang'ana bokosilo kudzera pa waya.

"Musadandaule, aphunzitsi," ndinawauza. "Ndani angalimbirane bokosi ngati limenelo? Ndiligula ine, buku mutenga inu, chitsulo ndigulitsa. Tonse tipindula."

"Iwe ukanagulitsa ndi chipale chomwe, chikanakhala ndi wogula."

Okushoni inachitika mu Malichi. Wopikisana nane anali mmodzi yekha, wogula zitsulo zakutha, ndipo anagonja msanga. Bokosilo tinalitsegula pomwepo ndi chitsulo chokanulira. Choyamba kutuluka chinali fungo, kenako madzi akuda. Kachitseko ka pamwamba kanali katathyoka, chipale n'kumalowa dzinja lonse, kusungunuka, kuundananso. Mabuku onse anamatana kukhala chibuma chimodzi chankhungu. A Hruska anagwada m'matope, n'kuzindikira kabuku kawo ndi chikuto chake chobiriwira. Atayesa kutsegula, masamba anatsalira m'zala ngati phala.

"Koma munajambula ndi foni, eti?" ndinafunsa.

"Ayi."

"Ngakhale tsamba limodzi?"

"Ndinakopera nyimbo ziwiri. Ndinkati ndikakatenganso. Buku la laibulale silithawa, mwana iwe, ndi zimene ndakhala ndikuuza ophunzira moyo wanga wonse."

Anakulunga chibumacho m'jekete lawo n'kupita nacho mumzinda okha. Mayi uja anawamvera chisoni, anawatsegulira khadi osawavutitsa, n'kutumiza chibumacho kwa okonza mabuku. Iwo anayankha kuti palibe choti apulumutse. Khadi linagwiranso ntchito, koma choti abwereke panalibe.

Tsopano a Hruska amapanga katundu m'mashelefu a sitolo ya zomangira. Ine ndinasamutsira ngolo yanga pakhomo pa sitoloyo, ndipo malonda akuyenda bwino kuposa pa koleji. Ndalembera ogulitsa mabuku akale ku Pennsylvania, matchalitchi a Asilovaki, ngakhale wansembe wina ku Slovakia komweko. A Hruska ndinawawerengera kuti ngati tchalitchi chija chinali ndi mabanja mazana awiri, payenera kukhala kabuku kena m'chipinda cha wina.

"Mabanja amenewo ndikuwadziwa," anatero. "Ana awo anataya zonse posamuka. Agogo anga mgodi unawakwirira koyamba. Kachiwiri ndawakwirira ine."

Chaka cha chifundo chija chinatha mwezi wathawu. Khadi analisiya pa ngolo yanga, pansi pa kapu, ndipo nditawathamangira nalo anangokweza dzanja osacheuka, n'kulowa kukagwira ntchito.